Anadya Umboni Wanga

Galimoto yanga ndimaitcha Apongozi, chifukwa ukaidzutsa m'mawa imayamba yadandaula kaye, kenako n'kugwira ntchito tsiku lonse osatopa. Ndi kagalimoto kotuwa, chitseko cha kumbuyo chimatsekeka ukachikankha ndi bondo. Koma ndi kameneka kananditulutsa m'nyumba ya achimwene anga, momwe ine ndi mwana wanga tinkagona pabalaza n'kumalawirira kupinda matiresi eni nyumba asanadzuke. Ntchito yanga ndi yoperekera chakudya. Munthu akaitanitsa pafoni, apu ya kampani imalira pafoni yanga, ine ndimakatenga oda yakeyo kulesitilanti, n'kuika m'chikwama chofiira chosunga kutentha, n'kukamusiyira pakhomo.

Ma oda timadikirira pansi pa mtengo, kuseri kwa malesitilanti. Mkulu wathu pamenepo ndi Ndevu, bambo amene anayamba ntchitoyi tonsefe tisanaidziwe. Palinso Kafupi, ndi Sipidi, amene tinamupatsa dzinalo pomuseka poti ngakhale wanjinga amamupitirira. Ine amanditcha Mayi Malamulo.

Dzinali linabwera chifukwa cha inshuwalansi. Anzangawo anali ndi inshuwalansi wamba, ya munthu woyendera galimoto kukaona abale. Eni inshuwalansiyo akangodziwa kuti ngozi yakupeza ukunyamula chakudya cha malonda, sakugulira ngakhale galasi. Ndiye anyamatawa anali ndi kachitidwe kawo. Wina akachita ngozi, woyamba kufika amachotsa chikwama, amathetsa oda pafoni, chakudya amachimaliza, ndipo wapolisi akabwera amamuuza kuti mnzathuyu amapita kwa mlongo wake. Ine mabodza amanditopetsa, ndimaiwala zimene ndinanama dzulo. Ndinakalembetsa inshuwalansi ya operekera chakudya, yomwe imakukonzera galimoto bola ngoziyo ichitike oda ili m'galimotomo. Ndinawafotokozera kangapo, koma ankamvera ndi khutu limodzi, linalo lili pafoni.

"Mayi Malamulo, mukungonenepetsa anthu a m'maofesi," ankatero Ndevu, onse n'kuseka.

Tsiku lina masana kukugwa mvula, ndinanyamula nkhuku ziwiri zowotcha ndi chipisi, za mayi wina wa telala. Pa raundabauti yapafupi ndi mtengo wathu uja, wanjinga anangotulukira kutsogolo kwanga. Ndinakhotetsa, matayala anaterereka, Apongozi anakakumbatira pholo ya magetsi. Wanjingayo sanacheuke n'komwe. Mutu unamenya chiwongolero, dzanja linathyoka, ndipo pondinyamula kupita kuchipatala ndinangomva mawu a Ndevu chapatali akuti, "Musadandaule asisi, zonse tikonza ife."

Madzulo anabwera kudzandiona atatu onse, akuyenda monyadira ngati apambana mpira.

"Gonani mtima uli m'malo," anatero Ndevu. "Chikwama chili kwa ine pansi pa bedi. Oda tathetsa. Wapolisi tamuuza kuti mumapita kwa achemwali anu."

"Nkhukuzo?" ndinafunsa.

"Zinali zofewa bwino," anayankha Kafupi.

Abale inu, ndinakuwa mpaka nesi anabwera chothamanga. "Mwadya umboni wanga! Achemwali anga ati? Ndili ndi chemwali ine? Mbuzi za anthu inu, inshuwalansi yanga imafuna nkhuku zomwezo!"

Anayang'anana. Sipidi anayamba kupukuta pakamwa ngati mafuta analipobe.

Nditatuluka m'chipatala ndinapita ku ofesi ya inshuwalansi dzanja lili m'pulasitala. Mtsikana wa pakauntala anali waulemu, ndipo ulemu wakewo ndi umene unandipweteka kwambiri. Anati apu ikuonetsa kuti oda inathetsedwa wapolisi asanafike, wapolisiyo m'galimoto sanapezemo chikwama, ndipo mboni zitatu zinati ndinali pa ulendo wanga. "Pepani mayi. Pokhapokha mutabweretsa munthu amene anaona chakudyacho m'galimoto."

Ndinabwerera pansi pa mtengo paja. Ndevu sanafune kundiyang'ana. Anati akakavomera kuti ananamiza wapolisi alowa m'mavuto, komanso a inshuwalansi adziwa kachitidwe ka onse. "Tili ndi ana, asisi." Ngati ine ndili ndi mphaka.

Apongozi anali kugalaja, boneti itapindika ngati chitini chopondedwa. Makaniko anandiuza mosabisa kuti ndi matumba anga okha sizitheka. Achimwene anga atamva anabwera kunyumba, anakhala pampando wanga wokhawo, nalankhula ndi mawu ofatsa aja amene amaswa mtima.

"Mlongo wanga, ndinanena kuti za pamsewuzi si zako. Gulitsa kwa a zitsulo, ubweze makiyi a nyumba. Pabalaza pathu palipo, alamu ako sakana."

Mwana wanga anali pakhomo akumva. Anangolowa kuchipinda, ndipo ine ndinachita mantha enieni, chifukwa ndinaona kuti matiresi aja tikukawapindanso.

Kutacha ndinapita kwa mayi wa telala uja. Sindinkafuna kanthu kwa iye. Ndinkangofuna kupepesa, chifukwa oda yanga inali isanalepherepo kufika, ndipo iye anali atalemba pa apu kuti ndine wakuba. Ndinamupeza ali ndi tepi m'khosi, mapini pakamwa, atsikana ake atatu akupalasa makina.

"Ndinu a nkhuku zanga?" anafunsa atalavula mapini m'dzanja. "Muli ndi mtima, mayi! Atsikana awa anasoka madiresi a ukwati tsiku lonse ndi njala. Ine kuyang'ana pafoni, kadontho ka galimoto yanu kaima pa raundabauti, sikakusuntha. Ndinatenga ambulera n'kupita ndekha. Ndinawapeza amuna anuwo!"

"Amuna anga ati?"

"Atatu! Ndinawajambula vidiyo, ndimati ndikawaonetse kupolisi, koma ntchito inandichulukira."

Ananditembenuzira foni. Ndinaona Apongozi akufuka nthunzi pa pholo. Ndinaona Kafupi akutulutsa chikwama chofiira pampando wa kumbuyo, Ndevu akubayabaya foni yanga, Sipidi atabisala kuseri kwa buti akulimbana ndi ntchafu ya nkhuku, mvula ikumuchucha m'khosi. Ndinaseka, kenako ndinalira, kenako ndinasekanso. Mayiyo anayang'ana pulasitala yanga, nandikokera mpando. Nditamufotokozera zonse anamenya tebulo mpaka sizasi inadumpha.

"Ndiye akuphani ndi chithandizo! Mawa ndikutseka shopu, tipitira limodzi."

Vidiyoyo ndikanatha kungopita nayo mwakachetechete. Koma anthu aja anandinyamula ndili magazi okhaokha, sindikanawabaya kumsana. Ndinapita nayo pansi pa mtengo n'kuwaonetsa. Anyamata ena anaseka Sipidi mpaka kukhala pansi, koma Ndevu sanaseke.

"Mawa ndikupita ku ofesi," ndinatero. "Nkhope zanu zikaonekako basi. Musankhe nokha, zikaonekere pafoni kapena pakhomo. Galimoto ija ndi nyumba yanga, a Ndevu. Ndi bedi la mwana wanga."

Ndinachoka ndikudziwa kuti sabwera.

M'mawa mwake ine ndi mayi wa telala tinakhala pabenchi ya mu ofesimo, iye atavala diresi lowala ngati akupita kukalandira mphoto. Mtsikana wa pakauntala anaitana bwana wake, bambo wa magalasi. Tisanatulutse n'komwe foni, chitseko chinatseguka. Analowa Ndevu atavala jekete, chikwama chofiira atachikumbatira pamimba, Kafupi ndi Sipidi ali pambuyo ngati ana obwera mochedwa m'kalasi.

"Bwana," anatero Ndevu, "mayiwa anali pa ntchito. Oda ndinathetsa ndine. Wapolisi ndinamunamiza ndine. Chemwali alibe."

"Nanga chakudyacho chili kuti?" anafunsa bwanayo.

Kafupi analoza mimba yake, kenako analoza ya Sipidi.

"Zinali zanga!" anakuwa mayi wa telala. "Ziwiri, ndi chipisi chomwe! Onani apa!"

Bwanayo anaonera vidiyo kawiri. Kachiwiriko anavula magalasi n'kupukuta misozi. Anati pa zaka zonse zimene wagwira ntchitoyi waona anthu ambiri akubisa chikwama kuti alipidwe, koma aka n'koyamba kuona anthu akuchibweretsa okha. Anawauza atatuwo kuti apite kupolisi akakonze mawu awo, ndipo anapitadi. Apolisiwo anawakalipira kokwanira, anawalipitsa chindapusa, Ndevu anatuluka makutu ali gwa, koma anatuluka.

A inshuwalansi analipira, Apongozi anachoka kugalaja ali ndi boneti yatsopano, nyali zatsopano, ngakhale chitseko cha bondo chija makaniko anachiwongola. Nditaliza injini anadandaula kaye monga mwa masiku onse, ndipo ndinapsompsona chiwongolero pamaso pa anthu, manyazi ndinalibe. Ulendo wanga woyamba unali wa nkhuku ziwiri ndi chipisi, zogula Ndevu, kupita kwa telala. Atsikana aja anaimitsa makina n'kundiimbira m'manja. Pansi pa mtengo anyamata anayamba kubwera mmodzimmodzi, monong'ona, kudzafunsa kuti ofesi ya inshuwalansi ija imatsegula nthawi yanji. Dzina langa silinasinthe, koma masiku ano amalitchula ataimirira.

Loweruka lotsatira apu inalira, ndipo nditaona kumene oda ikupita ndinaseka ndekha. Geti lake ndimalidziwa, ndinalitsegulapo ndi ndowa ya madzi pamutu. Ndinaimika Apongozi pomwe amaonekera bwino, ndinagogoda, anatsegula achimwene anga. Anayang'ana ine, anayang'ana chikwama, anayang'ana galimoto ikunyezimira kumbuyo kwanga. Kumbuyo kwawo ndinaona pabalaza paja, ndi pakona pomwe tinkaimika matiresi.

"Ndiwe?" anatero. "Lowa, mlongo wanga, ukhale pansi pang'ono."

"Zikomo achimwene," ndinayankha ndikuwapatsa chakudya chawo chikutenthabe. "Ndikanalowa, koma injini sindinazimitse, ndipo mwana akundidikira kwathu."