Njerwa Yosweka Sawerenga

Lole inaima pakhomo Chikombole ali m'dzenje, akukanda thanthwe ndi khasu. Dzina lakelo anamupatsa ndi anzake chifukwa moyo wake wonse unali woumba njerwa. M'lolemo munatsika wakatapila ndi amuna atatu onyamula zitsulo zogumulira, ndipo Chikombole anadziwiratu kuti abwerera nyumba.

Anakongola ndalama kwa mkuluyu zaka ziwiri zapitazo, mkazi wake atadwala. Kenako boma linasintha ndalama, zakale zija zinasanduka mapepala oyatsira moto. Wakatapila, pokhala galu wamkota sakandira pachabe, anati za ndalama ziiwalike, ngongole ikhale njerwa zikwi zitatu, chiwongoladzanja chikwi chimodzi mwezi uliwonse mpaka idzathe. Chikombole anavomera mano onse ali pamtunda. Dothi n'laulere, anauza mkazi wake, munthu uja wadzipusitsa yekha.

Anakumba bwalo lonse, anakumba munda, anadula mitengo yonse yapakhomo kuwotchera uvuni. Zomwe ankawotcha zinkangothera kuchiwongoladzanja. Tsopano dzenje linali litafika pathanthwe, nkhuni zinali zosagulika, ndipo panali patadutsa miyezi iwiri osapereka kanthu. Ngongole inali pa zikwi zisanu.

Anatuluka m'dzenjemo n'kugwada, kupempha mwezi umodzi wokha.

"Achimwene, ngongole imaswana, koma dothi lanuli ndi chumba," anatero wakatapila. "Nyumba iyi ili ndi njerwa zingati?"

Chikombole anaumba yekha njerwa iliyonse ya nyumbayo, ndipo kunama sankakudziwa. Anayankha kuti zikwi zisanu ndendende. Mkazi wake anamuyang'ana ngati amumeze.

Chitsulo choyamba chitalowa pakhoma la chipinda cha ana, mutu wa Chikombole unasokonekera. Analumphira wogumulayo n'kumuluma khutu mpaka magazi kuchucha m'khosi. Enawo anamugwetsa chagada, kumuponda m'nthiti, wina n'kumuthyola dzanja lamanja ndi chitsulo. Mkazi wake atathamangira kukaleretsa, anamukankhira m'dzenje. Chikombole anayesa kudzuka, koma wolumidwa uja anazula njerwa pakhoma n'kumuswera pamphumi. Njerwayo inagawika pawiri.

Chikombole anatsitsimuka dzuwa litapendeka. Malata anali ataunjikidwa pambali, mabedi ndi mapoto zili pamtetete, ana akulira mwakachetechete pafupi ndi mayi wawo wotsimphina. Amuna aja ankapatsirana njerwa, wakatapila akuwerenga mokweza. Ululu unali woopsa, komabe pansi pa mtima Chikombole anamva kupepuka. Nyumba yapita, koma ndi ngongole yomwe.

"Bambo a ana, musalire," ananong'ona mkazi wake akumupukuta magazi ndi chitenje. "Bola tikagone pansi pa malata tili mfulu."

Kuwerenga kutatha, wakatapila anabwera n'kugwedeza ndi nsapato zidutswa ziwiri zamagazi zija. Anayamikira kuti Chikombole ndi munthu woona, sanaphonye ngakhale pang'ono, kungoti yosweka sawerenga.

"Ndiye yatsala imodzi. Mwezi wamawa zidzakhala chikwi ndi imodzi."

Lole itachoka, Chikombole anakwawa n'kutola zidutswazo ndi dzanja lamanzere. Anakhala pamaziko a nyumba yake akuzilumikiza, zikugwa, akuzilumikizanso, mpaka mkazi wake anabwera kudzamulanda.