Pepala Lokulungira Matemba

Pa 9 Epulo 1992, Latifu anabwera kuchokera ku Zomba ndi mtolo wa mapepala. Anautola pansi pa mpando wa galimoto imene anakwera, ndipo palibe amene anaulondola. Iye ankagulitsa matemba ouma padoko la Kachulu, kumene mapepala okulungira nsomba ankasowa. Zilembo zimene ankadziwa zinali za Chiarabu za kumadrasa basi. Za pamapepalawa zinali za Chingerezi.

Loweruka pa 11 Epulo panafika amuna awiri a boma. Wamtali anagwira pepala lonunkha nsomba.

"Bambo, ili lachokera kwa inu?"

"Inde, achimwene. Matemba anali bwino?"

"Mwapatsa anthu angati?"

Latifu anayesa akufunsa za malonda. "Dzulo lokha, oposa makumi anayi. Ena amachokera ku Likangala. Kwa ine munthu sabwerera chimanjamanja."

Wamfupi analemba mawu onsewo.

Pepalalo linkanena kuti boma limatsekera anthu popanda kuwazenga mlandu. Malinga ndi lamulo, imeneyo inali nkhani yabodza yosokoneza mtendere, ndipo woigawa anali wolakwa.

Mkazi wake, Mwanaisha, anathamanga kuchokera pathandala loyanikira nsomba.

"Mwamuna wangayu satha kuwerenga zimenezo."

"Mayi, sitinafunse ngati amawerenga," anatero wamtali. "Tafunsa ngati anagawa. Avomera okha."

Latifu anadinda chala pansi pa mawu ake, nakwera galimoto yawo. Anakhala m'ndende miyezi khumi ndi inayi. Kukhoti sanapiteko ngakhale tsiku limodzi.

Anamutulutsa pa 24 Juni 1993, patatha masiku khumi chichitikireni riferendamu. Khutu lamanzere silinkamvanso. Malo ake padoko anali atatenga wina, moti anayala matemba kumapeto, pafupi ndi matope.

Mu Ogasiti, Patrick, mphunzitsi wa kwa Kuntumanji, anabwera ndi nyuzipepala yatsopano, imodzi mwa zambiri zimene tsopano zinkagulitsidwa poyera.

"A Latifu, zimene munamangidwira zija azilemba umu. Akuti zinali zoona."

"Yankhulirani mbali iyi, aphunzitsi."

Patrick anazungulira nabwereza. Anawerenganso mayina a anthu amene anatsekeredwa chifukwa cha mapepala aja: maloya, akalaliki, ophunzira a kukoleji.

"Langa lilimo?"

Patrick anayendetsa chala mpaka pansi pa tsamba.

"Mulibe."

"Mwamaliza nayo?"

Patrick anam'patsa. Mayi wina anali ataima kale kudikira matemba. Latifu anang'amba tsamba la mayina lija nakulungiramo.