Khungwa Siliiwala Singano

Mzime ankasongola mapensulo amitundu pang'onopang'ono, limodzilimodzi, tizinyalala take tikugwera m'sosala yobenthuka. Lofiira linali litafupika ngati chala chaching'ono. Lobiriwira chimodzimodzi. Munthu watcheru akanadabwa kuti dzanja lodwala lamaliza bwanji mapensulo chonchi pa milungu isanu yokha, koma m'nyumbamo palibe anafunsa.

Amayi ake anali pampando pafupi ndi zenera, dzanja lamanja lili pamwendo ngati chinthu chobwereka. Sitiroko inawagwira ali pamakina, akusoka chikwama. Chikwamacho chinali chikadali pomwepo, singano itaima pakati pa msoko.

Zikwama zawo ankasoka ndi nsalu ya khungwa, khungwa lofewa lija amapangira zotsekera mabotolo, losengedwa mopyapyala n'kumatidwa pansalu. Nsalu imeneyi saibaya ndi mapini; amaipana ndi mapegi oyanikira zovala. Ukasoka mokhota n'kumasula ulusi, timabowo timatsala mpaka kalekale. "Khungwa siliiwala singano," ankatero amayi, pamene pakamwa pawo pankatuluka mawu athunthu.

Namwino wophunzitsa odwala kulimbitsa ziwalo, amene ankabwera Lachinayi lililonse, anawasiyira buku la zithunzi zoti akuluakulu azipaka mitundu: maluwa a timasamba ting'onoting'ono, mbalame za nthenga zosawerengeka. Anati tsamba limodzi patsiku, zala zikumbukire ntchito.

Sabata yomweyo Asisi, mwana woyamba wa m'nyumbamo, analamula. "Miyezi iwiri ikatha dzanjali lisanasinthe, amayi ndikuwatengera kwanga. Makina tigulitsa, nyumba tibweza kwa eni ake. Iwe sungathe, ndiwe mwana."

Kwa Asisi kunali kutali, nyumba yosanja ya masitepe makumi atatu. Amayi atamva analira diso limodzi, ndipo Mzime, monga mwa masiku onse, anangoyang'ana pansi.

Ndiye Mzime anayamba kachinyengo kake. Masana amayi akagona, ankang'amba tsamba limene iwo akhwatchakhwatcha, n'kulibisa m'chikwama chosatha chija. Kenako ankapaka yekha tsamba lotsatira. Poyamba ankanjenjemeretsa dzanja dala. Koma ntchitoyo inkamutonthoza mtima, ndipo anayamba kuiwala kunjenjemera.

Lachinayi limeneli Asisi anafika limodzi ndi namwino, zidendene za nsapato zikugogoda pansi.

"Mzime! Moni ulibe? Pakamwa unabwereketsa ndani?"

"Mwaswera bwanji, Asisi."

"Taonani, anamwino, uyu anabadwa ndi zipi pakamwa. Amayi anamusoka okha."

Namwino anaseka, n'kukhala moyang'anana ndi wodwala wake. "Amayi anga, lero mwawala bwanji! Tiyeni tione homuweki, ndisanakukwapuleni."

Mzime anapereka bukulo ndi manja awiri. Namwino anatsegula tsamba loyamba, lachiwiri, lachitatu. Atafika pa mbalame ya nthenga zofiira anavula magalasi, n'kuvalanso.

"Ee! Palibe ngakhale pamodzi padumpha mzere. Amayi, mwandipitirira ndi ine ndemwe."

"Mulungu ndi wabwino!" anatero Asisi, akuomba m'manja. "Basi, sindikuwatenganso. Akhale, azisoka."

Chifuwa cha Mzime chinamasuka koyamba pa milungu isanu.

Namwino anatulutsa kope lake. "Komatu akandigwira chala amangokhudza. Ena amatero akaona yunifolomu, mantha. Buku silinama. Ndiye tamverani: ndili ndi anthu khumi ndi awiri akudikira malo, ena sangathe n'kudzipukuta pakamwa. Dzanja lopaka chonchi silikundifunanso. Lero ndi lomaliza, malo awo ndipereka kwa wina."

Anachotsa chotsekera cholembera.

Popanda namwino, zala zija zikanapindika n'kuuma. Namwino yemweyo anali atanena zimenezi tsiku loyamba. Koma Mzime akanena zoona, Asisi anali pomwepo, galimoto ili panja. Mapanga awiri avumbwitsa.

Mzime anayang'ana amayi ake. Iwo sankayang'ana buku, kapena namwino. Ankayang'ana zala za Mzime, pamene utoto wofiira unalowa m'zikhadabo. Ndiye kuti ankadziwa. Mwina masana onsewo sankagona n'komwe.

"A… a…" anayesa amayi. Milomo inakokera mbali imodzi.

"Akuthokoza," anatero Asisi. "Musavutike, amayi, tamva."

Dzanja lamanja lija linagwedezeka pamwendo. Linanyamuka pang'ono, likunjenjemera ngati tsamba, n'kuloza kumakina. Kenako linagwa.

Cholembera cha namwino chinali chitakhudza pepala.

Mzime anaimirira. Sosala inagwa, tizinyalala tamitundu n'kumwazika pansi. Anapita kumakina, n'kupisa dzanja m'chikwama chosatha chija mosamala kuti singano isasunthe. Anatulutsa mpukutu wa mapepala, n'kuwayala patebulo limodzilimodzi. Mizere yokhotakhota, maluwa obooka, mbalame zopakidwa theka. Pa tsamba loyamba panali kamzere kamodzi kokha. Pa tsamba ladzulo, timasamba tiwiri tinali titadzaza ndithu, ngakhale utoto unatayikira kunja.

"A amayi ndi awa," anatero. Mawu ake anatuluka aang'ono, osasa. "A m'bukumo ndimapaka ndine."

"Chiyani?" Asisi anadzuka. "Iwe kamwana iwe, watipusitsa tonse? Chikomekome cha mkuyu! Amayi, nyamukani, tikupita lero lomwe."

Namwino anatseka cholembera, n'kuika tsamba loyamba pambali pa ladzulo, akuwayang'ana mosinthanasinthana.

Mzime anaima pakati pa mpando wa amayi ndi chitseko. Ulendo uno sanayang'ane pansi.

"Ndinanama, Asisi, ndipo bowo limenelo silitsekeka, ndikudziwa. Anamwino, musawafufute, chonde. Wolakwa ndine." Anatembenukira kwa Asisi. "Koma Asisi, inu mumabwera maola awiri pa sabata. Wowasambitsa ndine. Wowatembenuza ndine. Akati 'a', ndimadziwa ngati akufuna madzi kapena akufuna kuchimbudzi, ndipo pompano sikuti amathokoza ayi. Kwanu adzakhala pamwamba pa masitepe okhaokha, inu muli kuntchito. Timasamba tiwiri iti tawatengera milungu isanu, ndipo apaka okha. Amayi sakupita kulikonse. Makinawonso musawakhudze. Singano ili pamene anaisiya, ndipo msokowo adzamaliza eni ake."