Pa Geti la a Jekete

Amuna anga ndi makaniko wa njinga zamoto, ndipo aliyense, ngakhale apongozi awo, amawatchula a Sipanala. Ndakhala nawo zaka makumi awiri ndi zinayi. M'zaka zonsezi sipanadutse sabata osamva za a Jekete ndi a Mluzu, anzawo amene anaphunzira nawo ntchito pagalaja imodzi ali achinyamata. Awiriwo anawoloka malire kalekale n'kukakhazikika kudziko la eni. Amuna anga anatsala, ati chifukwa cha ine. Akamaikamba nkhaniyi mungayese ndinawamangirira ndi tcheni kumwendo wa makina anga osokera.

Tsiku lina a Jekete anaimba foni. Ine ndinali pamakina, ndikusoka mayunifolomu a sukulu, mapini ali kukamwa, pamene ndinamva amuna anga akuseka kaphwete kamene pakhomo pano sitikadziwa, kopyapyala, konga ka munthu wofunsira ntchito.

"Mayi, akuti tipite! Akuti nyumba yawo ili ndi zipinda zisanu ndi chimodzi, mabafa atatu!"

"Ndiye mukasamba m'mabafa atatuwo nthawi imodzi?"

Anali atatuluka kale kukapukuta njinga.

Ndinawakumbutsa kuti mabasi alipo. Iwo anati makaniko wodziwika safika kwa anzake atapanikizika pakati pa matumba a anyezi. Choncho tinanyamuka Lachinayi m'mawa panjinga yawo yofiira, imene anaimanga okha ndi zidutswa za njinga zinayi zakufa. Iwo kutsogolo, ine kumbuyo, chikwama chitamangidwa ndi mphira kumsana kwanga. M'chikwamamo munali malaya awiri amene ndinasokera anzawowo mongoganizira msinkhu.

Ulendowo unali wa masiku atatu. Amene amati kuyenda panjinga yamoto n'kosangalatsa ndi amene amakhala kutsogolo. Wakumbuyo amaona msana wa mwamuna wake basi, ndipo msana umenewo ndinali nditauona kale mokwanira. Pofika masana a tsiku loyamba miyendo inali itachita dzanzi, fumbi lili m'mano, ndipo chipewa cholimba chimene anandiveka chinkanunkha thukuta la anthu onse amene anachivalapo. Iwo ankangofuula nkhani zawo zakale m'mphepo: mmene a Jekete ankabwerera kugalaja atavala jekete ngakhale dzuwa likuswa mtengo, mmene a Mluzu ankaimbira mluzu pansi pa galimoto mpaka bwana kuwagenda ndi nsanza. Mphepo inkandichitira chifundo, inkatenga theka la mawuwo.

Tsiku lachiwiri mvula inatipeza pachigwa popanda ngakhale mtengo, kenako tayala lakumbuyo linaphwa. Apa ndisaname, ntchito amaidziwa. Anagwada m'matope, n'kumata chubu mwakachetechete, ndipo tinapitirira. Akanakhala kuti amakhala chete choncho nthawi zonse, bwenzi ndili mkazi wodala.

Paboda anauza wapolisi wodinda mapasipoti, amene sanawafunse n'komwe, kuti akukaona anzawo awiri, a Jekete mwini kampani ya malole ndi a Mluzu manijala wake. Wapolisiyo sanadzutse mutu. Titawoloka, amuna anga anati chilankhulo cha kumeneko amachimva bwino. Anafunsa njira kwa mayi wina wogulitsa malalanje, anagwedeza mutu ngati munthu womvetsa, ndipo tinayenda ola lathunthu kulowera kolakwika.

Tinafika Loweruka dzuwa litapendeka. Mpanda wautali, waya wamagetsi pamwamba, geti lakuda. Amuna anga analiza hutala katatu, n'kubangulitsa injini kuti am'kati amve kuti kwafika anthu. Geti linatsegulidwa ndi mlonda wowonda, waimvi, wovala ovolosi yomukulira. Amuna anga analowa, anaimika njinga, anavula chipewa n'kumupatsa mlondayo, maso ali kunyumba yosanja ija. Mlondayo analandira ndi manja awiri. Ndinaona kuti akuwayang'ana nthawi yaitali.

A Jekete anatulukira pakhonde atavala kabudula, mimba ili patsogolo ngati ikuwalondolera njira. Masitepe sanatsike.

"Sipanala! Wabweradi pa chimenechi? Mayi, tabwerani mudzaone!"

Akazi awo anabwera, anaona, n'kugwira pachifuwa. Ndi mayi wa kwathu konkuno, koma chilankhulo chathu amachilankhula ngati chikuwawotcha lilime. Tisanakhale pansi anayala nsalu pasofa. Malaya ndinawapereka. Anawagwira ndi zala ziwiri, anatembenuza kolala kufunafuna chizindikiro cha sitolo, ndipo atachisowa anati, "Aa, mwasoka nokha? Zikomo," n'kuwaika pamwamba pa firiji. Pa zipinda zisanu ndi chimodzi zija, ife anatipatsa ka kuseri kwa khitchini, kositiramo zovala.

"Nanga Mluzu ali kuti?" anafunsa amuna anga.

"Ali pantchito," anatero a Jekete. "Munthu wotanganidwa ameneyo. Umuona." Anaseka mpaka mimba kugwedezeka, amuna anga n'kuwathandiza kuseka osadziwa chimene akuseka.

M'mawa mwake ndinapita kuseri kwa nyumba kukachapa zovala zathu zamatope. Ndili mkati mofinya, ndinamva mluzu. Mlonda uja ankapatsa agalu chakudya, akuwaimbira kanyimbo. Kanyimbo kameneko ndinkakadziwa. Pa ukwati wathu magetsi atazima, munthu mmodzi anaimirira n'kuimba mluzu mpaka anthu anavina popanda choimbira.

"A Mluzu?"

Mbale ya agalu inatsala pang'ono kugwa. Anaiika pansi, anapukuta manja paovolosi.

"Alamu. Mwayenda bwanji?"

"Tayenda bwino. Kaya inu, a manijala?"

Sindikudziwa chifukwa chake ndinalankhula choncho. Mwina ndinali nditatopa ndi amuna onama. Iwo anangomwetulira, n'kundiitanira kuchipinda chawo. Chinali kumbali kwa khola la agalu: bedi lachitsulo, kachitofu ka palafini, msomali kukhoma wopachikapo ovolosi ina. Anandipatsa chidebe kuti ndikhalire. Nkhani yawo sinali yaitali. Kampani ija anaiyamba awiri ndi lole imodzi, iwo akuyendetsa, a Jekete akusaka katundu. Malole atachuluka, maso a a Mluzu anayamba kuchita nkhungu, ndipo tsiku lina anagwetsera lole m'ngalande.

"Wina akanandithamangitsa, alamu. Koma abwana anandichitira chifundo."

"Abwana ake ati?"

"A Jekete."

"Amene munkadya nawo mbale imodzi?"

"Zinthu zimasintha, alamu."

"Nanga dzulo bwanji simunawauze anzanu kuti ndinu?"

"Ndinaona kuti afika osangalala."

Ndinabwerera m'nyumba manja akadali ndi thovu. Amuna anga ndinawapeza pakhonde, atapinda mwendo ngati mwini malo, akumwa madzi a zipatso ndi kapaipi.

"Munthu munamupatsa chipewa dzulo uja mukumudziwa?"

"Mlonda?"

"Ndi a Mluzu."

Kapaipi kanagwera m'tambula. Poyamba anati ndaona molakwika. Kenako anati mwina akungogwirizira, mlonda weniweni ali patchuthi. Pomaliza anayang'ana kugeti, anayang'ananso chitseko cha a Jekete, n'kunena motsitsa mawu:

"Mayi, tili kwa eni. Tisayambitse nkhani. Ndikamuona madzulo."

Kuchoka pakhondepo kufika pageti panali mapazi makumi atatu. Munthu anayenda masiku atatu, m'mvula ndi m'matope, koma mapazi makumi atatu anamukanika.

Masana kunabwera alendo, amuna a mawotchi akuluakulu ndi akazi awo onunkhira. A Jekete anatitulutsa ngati mbuzi za pachionetsero. Anafotokoza m'chilankhulo cha kumeneko, akuloza ife, akuloza njinga, akukweza zala zitatu. Alendo anakuwa, anazungulira njinga, anaijambula. Mayi wina anakwerapo n'kuchita ngati akuyendetsa. Wina anandisisita paphewa monga mmene amachitira ndi wodwala. Amuna anga anaima pambali mano onse ali pamtunda, atavala malaya oyera amene ndinawasokera makamaka chifukwa cha ulendowu.

Chakudya chitafika patebulo, mpunga ndi nkhuku yootcha, a Jekete anamenya m'manja ngati akumbukira kanthu.

"Sipanala, galimoto yanga ikulira penapake pansi. Talowa uone, poti katswiri wabwera yekha."

"Pano?"

"Nanga liti? Chakudya sichithawa." Kenako anatembenukira kugeti. "Mlonda! Bweretsa jeki!"

Ndinadikira kuti amuna anga akane. Kenako anapinda manja a malaya oyera aja, n'kupita.

A Mluzu anabwera ndi jeki ndi bokosi la zitsulo. Anakweza galimoto, anayala katoni pansi. Amuna anga anagona chagada n'kulowa. A Mluzu anagwada pambali. Ine ndinanyamula mbale yanga n'kukaima pafupi, chifukwa patebulo paja chakudya sichinkatsika.

Kwa kanthawi kunkangomveka zitsulo. Dzanja linkatuluka pansi pa galimoto, a Mluzu n'kuikamo sipanala, osafunsa nambala, ndipo nthawi zonse inkakhala yoyenera. Kachitatu dzanjalo silinatenge sipanala. Linagwira mkono wa a Mluzu.

"Mluzu."

"Ee, Sipanala."

"Pepa, mbale wanga."

"Manga nati iyo, ikugwedera."

Ndinamva amuna anga akufwenthera pansi pa galimoto. Chisoni sindinawamvere. Anachita kuwagoneka pakatoni kuti aone amene ali pansi. Atatuluka, malaya ali ndi oyilo kuyambira paphewa mpaka m'chiuno, alendo anawaombera m'manja, ndipo a Jekete anawaponyera ntchafu ya nkhuku m'mbale. Sanaidye. Anainyamula n'kupita nayo kuchipinda cha kukhola la agalu, ndipo anakhala komweko mpaka alendo onse anapita.

Tinayenera kukhala sabata. Lolemba m'mawa ndinadzuka n'kupeza chikwama chamangidwa kale panjinga. Eni nyumba anali asanadzuke. Amuna anga anali pageti ndi a Mluzu.

"Kwera, tizipita kwathu," ankatero. "Pagalaja panga malo alipo. Maso safunika kwambiri, manja ako amaona okha. Mayiwa abwera pabasi."

Ine sanandifunse, koma ndikanavomera. Amene anakana ndi a Mluzu.

"Kwathu amadziwa kuti ndine manijala, Sipanala. Mlongo wanga anauza msika wonse. Ndikafike nditakwera kumbuyo kwa njinga, ndi kajumbo m'manja?"

"Ndiye ufere pakhola la agalu chifukwa cha msika?" ndinafunsa.

"Alamu, inu simungamvetse."

Zoona, sindinamvetse, ndipo mpaka lero sindifuna kumvetsa. Amuna atatu, onse imvi zili mbuu, aliyense akusenza bodza lake ngati mwana wakhanda.

Kenako a Mluzu anapempha chinthu chimodzi. Makiyi a galimoto anali nawo, poti m'mawa uliwonse amaitsuka. Anatsegula chitseko n'kutulutsa jekete ya abwana awo imene inali pampando wakumbuyo. Anavula ovolosi, anavala jeketeyo. Munkalowa anthu awiri.

"Mundijambule, alamu. Mukampatse mlongo wanga. Amagulitsa tomato kumsika waukulu, mzere wa kumpopi."

Ndinafuna kukana. Koma jeketeyo inkalendewera moti maso anga a utelala sanapirire. Ndinatulutsa mapini m'kachikwama, ndinawatembenuza a Mluzu, ndinapinda nsalu kumsana n'kuibaya mpaka mapewa anakhala m'malo. Manja a jekete ndinawapindira m'kati. Anatsamira galimoto, makiyi akulendewera pachala, chibwano m'mwamba. Ndinawauza kuti asunthe pang'ono kuti khola lisaoneke. Ndinajambula katatu.

Atabweza jekete, anatitsegulira geti. Amuna anga sanalize hutala. Pamene tinkakhota ndinacheuka, ndinaona geti likutsekeka.

Pobwerera sanafuule nkhani iliyonse m'mphepo. Masiku atatu ndinangomva injini. Ndinayamba kuganiza kuti mwina ulendowu wawaphunzitsa kanthu. Koma patangotha sabata, ndikuwapititsira tiyi kugalaja, ndinawapeza atazunguliridwa ndi makasitomala, akufotokoza mmene anzawo anawalandirira, mmene mabwana a kumeneko anaombera m'manja ataona luso lawo. Atandiona anatsokomola. Ndinaika tiyi pansi osanena kanthu, poti nanenso ndinali ndi chithunzi m'chikwama, nditachitsukitsa kale n'kuchiika m'felemu.

Mlongo wa a Mluzu ndinamupeza pamzere wa kumpopi, mayi wamkulu, wa maso ofanana ndi a mchimwene wake. Nditanena kumene ndachokera, anapukuta manja pachitenje kawiri asanalandire. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaitana anzake a mabenchi oyandikana nawo. Chithunzi chinayenda dzanja ndi dzanja.

"Koma awonda," anatero. "Akudya bwino achimwene?"

"Ntchito yachuluka," ndinayankha.

"Eya, udindo umadya munthu. Galimotoyi ndi yawo?"

"Makiyi mukuwaona."

Anaseka, misozi ili m'maso, n'kuimika chithunzicho pakati pa milu ya tomato kuti aliyense wodutsa aone.

"Mukadzapitanso munditenge, mayi. Ndikaone ndi maso anga ndisanafe."

Ndinamuuza kuti njinga ndi ya anthu awiri okha. Anandithira tomato wodzaza jumbo, ndipo nditatulutsa kachikwama anandigwira dzanja, ati mlendo wa achimwene ake salipira. Ndinanyamula tomatoyo n'kubwerera kumakina anga, kumene mayunifolomu anali akundidikira.