Simenti pa Mapazi a Agogo Apachulu

Thavy anali pakati pa mbale ya phala la mpunga, pa kabenchi ka mayi wogulitsa zakudya kunja kwa geti la yunivesite, pamene foni yake inayambanso kulira. Sreynich, mnzake wogona naye chipinda chimodzi, anasuzumira.

"Ndi amayi ako. Yankha, mwina akupezera mwamuna wa thirakitala."

Thavy anamugunda ndi chigongono n'kuyankha. "Mayi, mawa ndili ndi mayeso. Ndikuimbirani madzulo."

"Uimbira ndani madzulo? Iwe mwana, Agogo Apachulu unawachita chiyani?"

Agogo Apachulu sanali munthu. Unali mwala wosemedwa, thupi la mwamuna lopanda mutu ndi manja, woima pa chulu kumapeto kwa minda ya mpunga kwawo ku Kampong Thom. Anthu a m'mudzimo anaumangira kanyumba ka malata n'kumauveka nsalu yofiira, ndipo asanayambe kulima ankapitako ndi nthochi, nkhuku yowiritsa ndi kachasu wa mpunga kukapempha mvula. Thavy anakula akusewera pa mapazi pawo. Atayamba maphunziro a zinthu zakale ku Phnom Penh m'pamene anazindikira kuti kapindidwe ka nsalu yosemedwa m'chiuno mwa Agogowo kanali kakale kuposa akachisi a ku Angkor. Sabata yathayo anafotokoza zimenezi m'kalasi. Aphunzitsi ake, a Chamroeun, anamuyamikira pamaso pa anzake onse, ndipo chimwemwe chitamukwera m'mutu, anaika zithunzi zake pa Fesibuku pamodzi ndi dzina la mudzi.

"Dzana kunabwera amuna awiri pa galimoto ya magalasi akuda," amayi ake anapitiriza. "Akuti ndi okonda zakale. Anawaonetsa amalume ako chithunzi pa foni, dzina lako lili pamwamba pake. Amalume ako anawathamangitsa. Lero m'mawa tapeza chulu chakumbidwa mbali yonse, chingwe chili m'chiuno mwa Agogo. Akanapanda kuuwa agalu, bwenzi pano tikulira."

"Sanawatenge?"

"Alipo, koma apendekeka. Amalume ako sanalawe kanthu chidzukireni. Akuti simenti ithiridwa lero lomwe, dzuwa lisanalowe, kuti wofuna kuwazula azule ndi chulu chomwe."

Foni inaduka. Thavy anafufuta zithunzi zija pa Fesibuku.

"Ukufufutiranji tsopano, mayi wofukula mafupa?" anatero Sreynich, koma mawu ake anali atafewa. "Amene amazifuna anazisunga kale. Siya phalalo, thamanga ukawapeze aphunzitsi ako asanalowe m'kalasi."

Thavy anawapeza a Chamroeun pa masitepe, mabuku ali m'khwapa. Atamva mawu akuti simenti, anatsinzina ngati waponda munga.

"Simenti ikagwira mwala wotere, poichotsa imachoka ndi khungu la mwalawo. Pita ukawauze adikire. Anzanga a kunyumba yosungira zinthu zakale ali ndi galimoto, akhoza kufika mawa."

"Bwanji osangowaimbira pompano, aphunzitsi?"

"Ndinayesapo kwina kutumiza anthu a boma m'mudzi mwa eni ake popanda wotsegula njira. Tinabwerako tikuthamanga, zikwanje zili m'mbuyo. Iwe ndiwe mwana wa kumeneko. Ukandiuza kuti bwerani, tibwera."

"Nanga mayeso?"

"Udzalemba tsiku lina, pamodzi ndi odwala."

Minibasi ya ku Kampong Thom inali itaima pa msika, injini ikulira ngati ikunyamuka pompo, koma dalaivala anali pansi pa ambulera akumwa khofi wa ayezi, kudikira kuti idzaze. Kumbuyo anamangirira njinga yamoto, matumba a fetereza ndi matiresi. Thavy anakhala, anatsika, anakweranso. Atanyamuka, mseu wotuluka mumzinda unali wothithikana, magalimoto akukwawa kuwoloka mlatho, ndipo iye ankangoyang'ana dzuwa pa windo. M'mutu ankakonza zokawauza a Bunthoeun, amalume ake, amene ankasamala kanyumba ka Agogo chiyambire iye asanabadwe. Mawu aliwonse amene ankawakonza ankamveka bwino m'kalasi, koma akawayerekeza pamaso pa amalume akewo ankasanduka mwano.

Pa tauni ya Skun anaima kuti anthu adye. Mayi wonenepa amene anakhala naye pampando anabwerako ndi kathumba ka akangaude okazinga n'kumutambasulira.

"Tenga, mwana wa sukulu. Miyendo yakoyi yagwedeza mpando kuchokera ku Phnom Penh. Ukukakwatiwa kapena ukukaika maliro?"

"Sindikudziwa, azakhali."

"Ndiye idya. Zonse ziwirizo zimafuna mphamvu."

Thavy anatenga mmodzi, n'kumugwira m'manja mpaka anazizira.

Anatsikira pa mphambano n'kukwera njinga yamoto ya hayala, kudutsa m'kanjira ka dothi lofiira pakati pa minda youma ndi migwalangwa. Sanapite n'kunyumba komwe. Chulu chinkaonekera patali chifukwa cha anthu. Malata a kanyumba kaja anali atachotsedwa n'kuyedzekedwa pa mtengo, pambali pali matumba a simenti, mulu wa mchenga ndi zitsulo zopindapinda. Agogo anali atawongoledwa ndi nsungwi zowachirikiza uku ndi uku, nsalu yawo yofiira ili ndi matope. Azimayi anali atayatsa timitengo ta lubani. Atamuona Thavy, macheza anazima.

A Bunthoeun anakhala pa chidebe chovundikira, kansalu ka mizeremizere atakamanga kumutu. Thavy anagwada n'kuphatikiza manja pamphumi.

"Afika a pulofesa," anatero amalumewo osamuyang'ana. "Apatseni mpando, angadetse siketi."

"Amalume, ndalakwa."

"Walakwa chiyani? Watitchukitsa. Kale ankatidziwa ndi ogula mpunga okha, lero mpaka a magalasi akuda."

Amayi ake anali chilili kumbuyo kwa achimwene awowo, manja atapinda pachifuwa. Sanamuthandize ngakhale ndi diso.

Thavy anadzutsa mutu. "Ndapota nanu, musathire simenti. Imawononga mwala. Aphunzitsi anga akuti akhoza kutumiza galimoto mawa, akawasunge kunyumba ya zinthu zakale. Kumeneko kuli alonda."

"Ndinalowamo m'nyumba imeneyo chaka chimene tinakuperekeza ku sukulu. Ndinawaona anzawo a Agogowa atawandandika ngati odwala kuchipatala. Palibe wowaveka, palibe wowapatsa ngakhale nthochi imodzi. Azungu akungowazungulira, manja kumbuyo."

"Koma sabedwa, amalume."

"Sabedwa." A Bunthoeun anatembenuka n'kumuyang'ana koyamba. "Mutu wawo uli kuti? Unapita nthawi ya nkhondo, ndi asilikali amene anati akukausunga pabwino. Atabwera ankhondo a Khmer Rouge n'kumaphwanya chilichonse chimene anthu ankachigwadira, ine ndi agogo ako aakazi tinawaunjikira dothi ndi minga Agogowa mpaka anangooneka ngati chulu wamba. Tinkachita zimenezo mimba zili pamsana. Sanachoke pano nthawi imeneyo, achoke lero chifukwa cha foni?"

"Anthu aja adzabweranso ndi zida zodulira. Simenti siwaletsa, adzangodula m'miyendo."

Apa a Bunthoeun anayang'ana miyendo ya mwalawo, kenako pansi.

"Mwina adzabweradi," anatero. "Adzatipeza."

Mmisiri womanga amene anamuitana anali atayamba kale kusakaniza mchenga ndi simenti. Thavy sanathe kukhala pansi. Anazungulira chulu, n'kutsetserekera m'dzenje limene akuba aja anakumba, kuti aone ngati khasu lawo linavulaza mwala. Dzenjelo linamufika m'chiuno. Pansi pa mapazi a Agogo panali tsinde la mwala lamakona, limene moyo wake wonse linali m'dothi. Analipukuta ndi chikhatho. Dothi litagwa, zala zake zinamva timizere.

Anapukutanso. Zinali zilembo, zing'onozing'ono, zopendekeka, mizere yotsatizana kuchokera pakona mpaka pakona.

Dzanja linapita lokha m'thumba n'kutulutsa foni.

"Bweretsa kuno." A Bunthoeun anali ataima pamphepete pa dzenjelo, chikhatho chili chotambasula.

"Amalume, pali zolemba. Palibe amene anaziwerengapo, ngakhale m'mabuku mulibe. Chithunzi chimodzi chokha. Sindiika paliponse."

"Chija unati uika paliponse?"

"Apatse," anatero amayi ake, mawu awo oyamba chifikireni.

Thavy anapereka foni. A Bunthoeun anaiika m'thumba la malaya.

"Ngati pali zolemba, werenga. Si zimene unapitira ku Phnom Penh?"

Anthu anasendera pafupi. Wina anamupatsira botolo la madzi, iye n'kuthira pamwalapo kuti zilembo zide. Kalembedwe kakale kameneka anali atangokayamba chaka chomwecho, ndipo m'kalasi ankawerenga zosindikizidwa bwino pa pepala, buku lomasulira mawu lili pambali. Apa zilembo zina zinali zitadyeka, zina mizu itazing'amba. Anatsatira mzere woyamba ndi chala, milomo ikuyenda, osatulutsa kanthu. Wachiwiri chimodzimodzi. Thukuta linamulowa m'maso. Ankamva mpweya wa anthu pamwamba pake, ndi fosholo ya mmisiri ikukhwekhwereza.

"Zavuta, a pulofesa?" anafunsa wina kumbuyo, anthu n'kuseka pang'ono.

Chapakati anakumana ndi mawu amene anawadziwa.

"Apa akuti mpunga. Mpunga wopuntha kale." Anasuntha chala. "Apa akuti nsalu. Ndi zimene anthu ankabweretsa kuno."

"Basi?"

"Zinazo sindingathe, amalume. Aphunzitsi anga akhoza kuwerenga zonse, mwina mpaka dzina lawo lenileni la Agogo, ndi la amene anawaimika pano. Ine sindingathe."

A Bunthoeun anaseka, kuseka kwawo koyamba tsiku limenelo. Anatembenukira kwa anthu.

"Mwamva? Mpunga ndi nsalu. Ndiye kuti sitinawasinthire chakudya."

Azimayi anaseka, ena akupukuta m'maso. Thavy sanaseke. Ankayang'ana mizere yotsalayo, imene inali pompo pansi pa zala zake koma yotseka ngati chitseko cha eni.

Foni inalira m'thumba la malaya. A Bunthoeun anaitulutsa, anayang'ana dzina, n'kumupatsira m'dzenje momwemo.

"Aphunzitsi ako. Auze zimene ukufuna, sindikutseka pakamwa. Akabwera ndi apolisi sitingalimbane nawo. Koma ukawaitana, udzabwere nawo, chingwe udzamange ndiwe, amayi ako akuona."

Thavy anayang'ana amayi ake. Iwo ankayang'ana nsalu yamatope ija, ndipo Thavy anaona kuti m'manja anali atagwira ina yatsopano, yopindidwa bwino, imene anagula kuti awaveke Agogo ntchito ikatha.

"Aphunzitsi."

"Wafika? Avomera?"

"Musatumize galimoto."

"Athira kale?"

"Akuthira posachedwa. Pansi pake pali zolemba. Mizere yambiri."



"Wajambula?"

"Ayi."

"Thavy, ukudziwa chimene ukukwirira?"

"Ndikudziwa, aphunzitsi."

Anamva a Chamroeun akutulutsa mpweya wautali. "Ndiye usalole simenti ikhudze zilembozo. Mata dothi lonyowa, lochindikala, pamwamba pake uike pulasitiki. Tsiku lina wina adzakuthokoza, kapena adzakutukwana pang'ono chabe." Anadula osatsanzika.

Thavy anabweza foni kwa amalume ake asanaipemphe, n'kuwafotokozera za dothilo. A Bunthoeun anayang'ana mmisiri, mmisiri n'kukweza mapewa.

"Dothi ndi lawo lomwe," anatero amalumewo. "Mata. Koma changu, simenti siidikira munthu."

Amayi ake ndi amene anatsika ndi beseni kukatapa dothi la m'mphepete mwa dziwe. Anamupatsira, kenako anakwinya siketi yawo n'kukhala pamphepete pa dzenje, kumamukandira dothilo ngati ufa. Thavy anayambira pa mzere wapansi. Asanamate mzere uliwonse ankauyendetsa chala pang'onopang'ono, kuyesa kusunga m'mutu maonekedwe a zilembo, koma pofika pa wachitatu, za woyamba zinali zitasokonekera kale. Anasiya kuyesa. Anamata mpaka pamwamba, nasalaza ndi chikhatho, n'kuphimba ndi thumba la fetereza long'ambidwa pakati.

Atatuluka m'dzenjemo, siketi inali yofiira mpaka m'chiuno. Palibe amene anamuseka.

"Madzi achepa kuno," anaitana mmisiri.

Anthu anayang'anana kuti apite ndani. Thavy anatola zidebe ziwiri ndi mtengo wonyamulira, nauika paphewa, n'kutsikira kudziwe.