Madzi a Pakhomo

Kwathu mumzinda wa Plovdiv munthu sapita ku mayeso asanamuthirire madzi pansi, kutsogolo kwake, kuti zinthu zimuyendere ngati madziwo. Amayi anga sanaphonyepo mwambo umenewu.

Vuto linali lakuti mayeso anga a tsikulo anali ocheza pa kompyuta. Aphunzitsi atatu a payunivesite ya ku Brno, mzinda wa m'dziko lina, ankafuna wophunzira mmodzi wa digiri yachitatu, wolandira malipiro kwa zaka zinayi, woti azifufuza ndi kompyuta za tizilombo tosamva mankhwala. Ndinali nditakhala kale patebulo la kukhitchini.

"Rositsa, tuluka panja," anatero amayi, ndowa ili m'manja.

"Ndipite kuti, Amayi? Mayeso ali pompano!"

"Ndiye utuluke, ulowenso. Ukufuna mwayi ukupeze uli chikhalire ngati mphaka?"

Ndinatuluka ndikung'ung'udza, kutatsala mphindi zisanu. Polowanso, anakhuthula ndowa yonse pamapazi panga. Mafunso onse ndinayankha masokosi ali chonyowa, nditapsa mtima moti mantha ndinawaiwala.

Patapita milungu itatu, uthenga unabwera: anditenga.

Tsiku lonyamuka ndinaima pakhomo ndi sutikesi yanga, nditapinda thalauza kudikira chigumula. Amayi anatuluka ndi kakapu ka khofi, n'kudontheza timadzi pang'ono pasimenti.

"Nanga ndowa ija ili kuti?" ndinafunsa.

"Ndowa ija inagwira ntchito mopyola muyezo," anatero osandiyang'ana. "Awa ndi okufikitsa ku Brno basi. Obwerera nawo ndasunga."