Chithunzi Chomaliza cha aDaka

"Bwezela pamene nsapato yauluka," anatero bambo wina kuseri kwa nkhokwe, ndipo mitu inayi inaweramira pa foni imodzi. Sophia, akudutsa ndi ndowa ya madzi, anamva kubuula kwa atate ake kukutuluka m'foniyo. Maliro anali m'nyumba, koma anthu ankaonera imfa panja.

Atate akewo, aEzekiel Daka, anagundidwa ndi lole pa Kacholola akuchokera kojambula ukwati. Woyamba kufika anali mphwawo Webster, mwana wa mlongo wawo. M'malo mowafunditsa nsalu, anatulutsa foni n'kujambula zonse: buluku long'ambika, kamwa yasa, fumbi m'tsitsi. Mthenga asananyamuke kukauza akuluakulu monga mwa mwambo, vidiyo inali itafika kale ku Petauke komwe Sophia amaphunzitsa. Anaionera m'gulu la WhatsApp la aphunzitsi anzake, ndipo atate ake anawazindikira ndi chikwama cha kamera.

Tsopano a mpingo ankafuna chithunzi choika pa bokosi. Amai Keziah, mkazi wa malemu, anakhuthula makatoni onse a zithunzi. Munali akwati, makanda, alimi atanyamula thonje, koma mwiniwake wa kamera munalibe. Munthu anajambula boma lonse la Nyimba, iye osajambulidwapo.

"Osavutika, amai," anatero Webster atatsamira chitseko. "Nizadula nkhope pa vidiyo, niiyeletse pang'ono. Izaoneka bwino chabe."

Sophia anatula ndowa. "Fufuta vidiyo ija. Manje manje."

"Iwe msuweni, ukali wa chani? Ndine nadziwitsa dziko. Popanda ine sembe unamvela kuti? Ena alemba na mau a chipepeso."

"Unawapempha?"

"Munthu wakufa amapemphedwa?"

"Anali akali kupuma, Webster. Amveka akuitana, iwe uli kusendeza foni pafupi. Nizakupeleka ku polisi, kuli lamulo."

Webster anaseka mopanda manyazi. "Upeleke Petauke yonse. Na aphunzitsi anzako atumizilana. Olo nifufute pano, yayenda kudala."

Zinali zoona, n'chifukwa chake zinabaya. Madzi akatayika saoleka. Sophia anadana naye, ndipo anadananso ndi akuluakulu a banja amene anangoti za pachibale sizipita ku polisi, mwana walakwa basi. Ena mwa iwo anali aja a kuseri kwa nkhokwe. Akuluakuluwo anawonjezanso kuti kamera, mwa mwambo, ndi ya mphwawo wa malemu. Webster anatambasula dzanja pomwepo, maliro asanatuluke n'komwe.

"Yembekeza," anatero amai Keziah, n'kukumbatira chikwama cha kameracho.

M'thumba la pambali munali chipeso, kagalasi kong'aluka ndi kabotolo ka mafuta. ADaka sankajambula munthu wotuwa. Wochokera kudimba ankayamba amupatsa madzi osukusula, n'kumupesa, n'kumuonetsa pa galasi. Akatero ankafunsa kuti, "Nijambule?" Ngakhale kamwana ankakadikira mpaka kagwedeze mutu. Anthu ankawaseka kuti amachedwetsa ntchito, koma ankabwerabe.

Amai Keziah analowa m'chipinda ndi Sophia, napempha adzukulu, amene anasambitsa mtembo, kuti atsegule bokosi. Anapaka mafuta pachipumi cha amuna awo, mozungulira bala. Anapesa tsitsi pang'onopang'ono, kuchotsa timchenga ta mumsewu timene madzi anasiya. Anakonza kolala. Panja wina anatsegulanso vidiyo ija, kubuula kuja n'kulowera pawindo, koma iwo sanatembenuke.

"Gwila kamela," anauza mwana wawo.

Sophia anaikweza, misozi ikutsekereza maso. Nkhope inali yaulemu tsopano, yoyenera kuikidwa pa bokosi, yoti n'kuonetsa onse amene anaona ya pa vidiyo ija. Chala chake chinali kale pa batani.

Amai Keziah anawerama. "ADaka, mwakonzeka. Tijambule?"

Anadikira. Adzukulu anayang'ana pansi. Webster anasuzumira pakhomo, akufunsa ngati athana nayo kamera yake.

"Sanavomele," anatero amai Keziah.

Anaika chikhato chawo pa diso la kamera n'kuitsitsa. Kenako analowetsa chipeso m'thumba la jekete la amuna awo, nauza adzukulu kuti atseke.